Alandilodi andichotsera chitseko ku Nchalo, ndiyambire pati?

MayiWaAtatu_Nchalo
Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera ndi yanga, mundigawireko nzeru. Ndimakhala pa lendi kuno ku Nchalo, kuseri kwa msika, nyumba ya zipinda ziwiri ndi pabalaza. Ndinalowa mu 2021 lendi ili K25,000, pano ndi K40,000. Sindibisa, ndili ndi ngongole ya miyezi iwiri, Ogasiti ndi Seputembala. Geni yanga ya kaunjika yavuta, belo lomaliza linatuluka nsanza zokhazokha. Lachiwiri m'mawa ine ndili kumsika, alandilodi anabwera ndi kalipentala n'kumasula chitseko cha kumaso ndi mahinjesi ake omwe, n'kuchikweza pa njinga. Pakhomo panali mwana wanga wamkulu wa Sitandade 6, akuti anamuuza kuti "ukawauze amako, chitseko akachipeza kwathu akabwera ndi K80,000." Lero ndi tsiku lachitatu tikugona titatchinga mphasa ndi tebulo. Ine tulo ayi, ndimangokhala tsonga pa mpando mpaka tambala kulira.

Chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, chimbudzi chinatitimira ndipo khoma la kukhitchini linagumuka. Iwo anandiuza kuti ndikonze, tidzadulirana pa lendi. Ndinagula njerwa, simenti matumba atatu, n'kulipira bilidala, zonse pamodzi K68,000. Mpaka lero sanadulepo ngakhale tambala imodzi. Ndikawakumbutsa amati nanga chimbudzicho amapitamo ndani. Kodi malamulo akuti bwanji? Ndipite kupolisi, kwa amfumu, kapena ndingolongedza?

KabazaWaPaSteji
Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga inu mayi mutsekula chiyani poti chitsekocho chapita pa njinga kkkkk

NamwinoEastBank
A Kabaza, nthabwala zina muzizisunga. M'nyumbamo muli ana atatu, ndipo udzudzu wa ku Nchalo mukuudziwa, umalowa ngati wachita kuitanidwa. Mayi, choyamba ana azigona m'masikito, ndipo ndalama za geni musamazisunge m'nyumbamo masiku ano.

KabazaWaPaSteji
Pepani achemwali, pakamwa panditsogolera. Mayi, tsiku lomwe adzavomere kubweza chitsekocho mundiuze, njinga yanga ikanyamula ulele.

BamboNyumbaZinayi_Ngabu
Ndilankhulako, ofuna kundigenda andigende. Ine ndili ndi nyumba zinayi kuno ku Ngabu, ndinamanga ndi ndalama za thonje ndi ng'ombe ziwiri zomwe ndinagulitsa mtima ukuwawa. Penshoni yanga ndi imeneyo, fizi ya ana imachokera pomwepo. Munthu akapanda kulipira miyezi iwiri wogona ndi njala ndine, iye akukazinga makakana m'nyumba mwanga. Mumati tizipita kukhoti, kodi mukudziwa kuti umapitako kangati mlandu usanathe? Chaka chatha mnyamata wina anandithawa usiku ali ndi miyezi inayi, n'kusiya loko pachitseko kuti ndiziyesa alipo. Nditathyola patatha sabata ndinapezamo ndowa yobooka ndi kalendala pakhoma. Nyumba si mlambe woti unangomera wokha patchire. Sindikuti kuchotsa chitseko n'kwabwino, koma muzifunsa chomwe chimamufikitsa munthu pamenepo.

MphunzitsiWaBangula
Bambo a ku Ngabu, amene anakuthawaniyo ndi wina, mayi awa ndi ena. Iwo sanathawe, ngongole aivomera pano tonse tikuona. Ndipo malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 21, amati munthu ali ndi ufulu wosachitidwa chipikisheni m'nyumba mwake kapena kulandidwa katundu wake. Akuti m'nyumba mwake, sakuti nyumba yokhayo yomwe anamanga yekha.

BamboNyumbaZinayi_Ngabu
Aphunzitsi, buku lomwelo pitirizani kuwerenga mufike pa gawo 28, mupeza ufulu wokhala ndi katundu. Chitsekocho n'cha yani? Munthu walanda katundu wa ndani potenga chitseko chake chomwe?

KalalikiWopuma
Ine si loya, koma ndinagwira ukalaliki kukhoti la majisitireti zaka zambiri, ndipo nkhani za lendi zadutsa pa tebulo langa zosawerengeka.

Funso la bambo a ku Ngabu si lopusa ayi. Inde chitseko n'chawo, khoma n'lawo, malata ndi awo. Koma tsiku lomwe analandira lendi yoyamba n'kupereka kiyi, anapatsa mayiwa mphamvu yokhala m'nyumbamo mwamtendere kufikira mgwirizano utatha mwa njira yake. Kuchotsa chitseko, kusasula malata, kutseka mpopi, kudula magetsi kapena kuwonjezera loko wachiwiri, konseko ndi kutulutsa munthu mokakamiza khoti lisananene, ndipo tenanti akhoza kukasuma n'kupatsidwa chipepeso. Ndinaonapo mwini nyumba wina wofuna ndalama za miyezi itatu. Anasasula malata awiri pamwamba pa chipinda chogona, usiku womwewo mvula yachizimalupsa n'kugwa. Matiresi, thumba la ufa, wailesi ya kanema, zonse zinanyowa. Wotuluka m'khoti ali ndi ngongole anali iyeyo.

Mgwirizano wa pakamwa ndi mgwirizano ndithu, khoti limauvomereza, vuto lake ndi umboni basi. Ngati mumalipira mwezi ndi mwezi ndipo simunapangane china, notisi yake imakhala ya mwezi wathunthu, ndipo izi zikukhudza onse awiri, naye tenanti asamangodzuka n'kunyamuka. Notisi ikatha munthu osatuluka, mwini nyumba amakasuma. Khoti limatumiza samani, limamva mbali zonse, likagamula kuti atuluke ndiye a sherifu ndi amene amabwera ndi chikalata. Ngakhale kugwira katundu wa tenanti pofuna lendi kumadzera kwa a sherifu omwewo, osati mwini nyumba kufika ndi anyamata ake n'kunyamula firiji.

Koma mayi, nanunso musasangalale msanga. K80,000 ija ndi ngongole yeniyeni, chitseko sichinaifafanize. Khoti likhoza kuwadzudzula iwo pa za chitseko n'kukulamulani inu kuti mulipire, mlandu womwewo. Pa K68,000 yanu majisitireti adzafunsa kuti pamene ankakuuzani kuti mukonze adzadula, anamva ndani? Malisiti a simenti alipo? Bilidalayo angabwere kudzanena? Yambani kusonkhanitsa zimenezo lero musanapite kulikonse.

MayiWaAtatu_Nchalo
Zikomo kwambiri bambo. Malisiti ndilibe, simentiyo ndinagula kwa munthu wongogulitsa pakhonde nthawi ija msewu unali woduka. Bilidala alipo, anasamukira ku Sorgin koma nambala yake ndili nayo. Lendi ndimalipira pa Airtel Money nthawi zambiri, mauthenga ake alipo mufoni. Za kukonzazo anandiuza pafoni, panalibe wina.

Mlambe77
Pafoni yake anachita kuimba kapena inali voice note ya pa WhatsApp? Kumbukirani bwino. Nthawi ija netiweki inkavuta, ambiri tinkangojambula mawu n'kutumiza.

MayiWaAtatu_Nchalo
Iii mwandikumbutsa. Mwina inali voice note. Koma foni ya nthawi imeneyo inasweka galasi ndinampatsa mng'ono wanga ku Miseu Folo. Ndimuimbira madzulo.

MaiGolosale_Thabwa
Za kupolisi ndinenepo poti zinandionekera. Ine alandilodi anga anakhoma loko wawo pamwamba pa wanga, mankhwala a mwana a chifuwa ali mkati. Nditapita kupolisi anandiuza poyera kuti ngongole ya lendi si mlandu wao, ndi nkhani ya kukhoti. Koma ananditumiza ku Victim Support Unit, kumeneko anaitanitsa alandilodiwo, tinakhala pansi, anauzidwa kuti achotse loko tsiku lomwelo. Ngongole ndinabweza pang'onopang'ono. Ndiye musayembekezere kuti akamanga munthu, koma kalata yao yoitanitsa imafewetsa mitima.

MnyamataWaNzimbe
Mavuto onsewa abwera chifukwa eni nyumba a ku Nchalo anazolowera ife a sizoni. Kudula nzimbe kukayamba nyumba zimasowa, chipinda chopanda pulasitala chimakwera mtengo ngati cha ku Blantyre. Sizoni ikatha ndiye amayamba kukupatsa moni waulemu.

BamboNyumbaZinayi_Ngabu
Ndipo a sizoniwo ndi amene amathawa usiku malipiro omaliza akangolowa. Musandiyambe achimwene.

MnyamataWaNzimbe
Si tonse bambo. Ine dipoziti yanga ya mwezi umodzi inadyedwa ati ndadetsa khoma, khoma loti chimangireni silinaonepo laimu.

KalalikiWopuma
Dipoziti si mphatso ya alandilodi. Ndi ndalama yosungitsa, yolipirira zomwe tenanti waononga kapena bilu yomwe wasiya. Kutha kwa zinthu chifukwa chokhalitsa, monga penti kufwifwa kapena simenti ya pansi kusweka ndi zaka, si mlandu wa tenanti. Polowa m'nyumba jambulani zithunzi chipinda chilichonse, mawindo, mpopi ndi nambala ya pa mita, mutumizire alandilodiwo tsiku lomwelo. Potuluka chimodzimodzi.

Nyika_Makhanga
Poti mwatchula Freddy, ndifunse nawo. Ife kuno madzi timawadziwa, 2015 anatisamutsa, 2019 anatisamutsa, Freddy ndiye anamaliza. Ine nthawi imeneyo ndinkachita lendi, madzi a Ruo analowa mpaka m'mawindo. Tinakhala pa kampu pafupifupi miyezi iwiri, tikugona m'kalasi anthu mulu. Nditabwerera ndinapeza matope ofika m'mawondo, ndinachotsa ndekha ndi fosholo yobwereka masiku anayi. Mwini nyumba anafika n'kunena kuti ndilipire miyezi iwiri ija poti katundu wanga anali momwemo. Katundu wake uti, bedi lowola ndi mapoto odzadza mchenga? Ndinalipira chifukwa ndinalibe kolowera, koma mpaka lero zimandikhala pakhosi. Kodi ndinayenera kulipira?

MphunzitsiWaBangula
Ayi, anakuberani. Lendi timalipirira kugona, inu munkagona m'kalasi.

KalalikiWopuma
Aphunzitsi, mtima wanu ndaumva, koma tisawapatse anthu chilimbikitso chonama. Musaganize kuti madzi akalowa lendi imaima yokha. Ngati simunapangane kalikonse, kiyi ali ndi inu, katundu ali momwemo ngakhale atawola, ndipo simunanene kuti mwaisiya nyumbayo, mwini wake ali ndi poyambira. Adzati nyumba inali m'manja mwanu, sakanatha kulowetsamo wina. Inu mudzati nyumbayo inali yosakhalika. Aliyense ali ndi mfundo, ndipo mlandu wotere umatha kugwera uku kapena uko malinga ndi umboni.

Chomwe ndimadabwa nacho n'chakuti ife a m'chigwa chino timadziwa kuti Shire, Ruo, Mwanza ndi Mkombedzi wa Fodya adzatichezeranso, si za mwina ayi. Koma pochita lendi timakambirana za kusesa pabwalo ndi za alendo ogona, za madzi osefukira palibe amazitchula. Mzere umodzi wokha papepala ungathetse zonsezi: madzi akalowa nyumba n'kukhala yosagoneka, lendi iima kapena ikhala theka kufikira itakonzedwa, ndipo tenanti akakonza ndi ndalama zake adzadula zakutizakuti pa mwezi. Munthu wa ku Namiwawa mzere umenewu sakuusowa kwenikweni. Wa ku Makhanga, Bangula ndi Nchalo akuusowa kuposa loko.

BamboNyumbaZinayi_Ngabu
Apa pokha ndigwirizana nanu. Ine Freddy anandigwetsera khoma la nyumba imodzi, ina denga linapita ndi mphepo. Matenanti onse ndinawakhululukira mwezi wa Malichi ndi Epulo, palibe anandiuza, ndinangoona kuti nawonso ndi anthu. Koma mudziwe kuti thandizo likabwera amalembedwa ndi wokhalamo. Tenanti wanga analandira ufa, bulangete ndi pulasitiki, ine mwini khoma logwalo sindinalandire ngakhale msomali. Inshuwalansi ya nyumba ya njerwa zadothi kumudzi ndani ali nayo? Ndiye mukamati alandilodi ndi ankhanza, ena a ife tikubwezabe ngongole ya banki mkhonde ya chaka chimenecho.

Nyika_Makhanga
Bambo, mukanakhala alandilodi anga bwenzi ndisakudandaula pano. Takhuta.

ChimwemweWaBoma
Ine funso langa ndi la kukwera kwa lendi. Mayi ayamba ndi K25,000 pano K40,000. Kwathu ku Chikwawa boma ndi ku Dyeratu chiyambire ntchito ya ngalande ya Shire Valley Transformation Programme nyumba zabwino zonse zinapita kwa anthu a ntchito imeneyo ndi a mabungwe. Alandilodi amangokuuza kuti mwezi wamawa ndi yakuti, ngati simufuna pali wina akudikira panja. Palibe malire?

Mlambe77
Boma siliika mtengo wa lendi ya nyumba za anthu ngati mmene MERA imaikira mtengo wa mafuta. Ndi kugwirizana kwa awiri. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense anapeza chonamizira, ngakhale amene nyumba yake chimangireni 1998 sanaikhomepo msomali.

MphunzitsiWaBangula
Malipiro athu sanakwere ndi 44 peresenti. Nyumbayo imadya madola?

BamboNyumbaZinayi_Ngabu
Nyumba siidya madola koma malata ndi simenti zimadya. Pitani ku hadiweya mukafunse.

KalalikiWopuma
Kukweza amaloledwa, koma osati kukudzidzimutsani pa 28 kuti pa 30 mulipire mtengo watsopano, komanso osati kubwerera m'mbuyo n'kumati miyezi yapitayo munalipira yoperewera. Akuuzeni nthawi ikadalipo, osachepera mwezi kwa wolipira mwezi ndi mwezi, kuti musankhe kuvomera kapena kufuna kwina. Ngati munasainirana chaka chathunthu pa mtengo wakuti, mtengowo uyenera kukhala womwewo mpaka chakacho chithe, pokhapokha pepalalo likunena zina.

Makakana_Fresh
Inu mukukamba za lendi, ife yathu ndi mita imodzi mabanja asanu. Tonse timasonkha K5,000 ya mayunitsi mofanana, koma mnzathu wina ali ndi firiji ziwiri za mafirizesi, ine ndili ndi babu limodzi ndi fani. Mayunitsi akatha pa 15 amati tisonkhenso.

KabazaWaPaSteji
Fani yanuyonso imayenda usana ndi usiku, musanamizire mafirizesi. Okutobala wa kuno ndani amazimitsa fani?

Makakana_Fresh
Kkkk zoona. Nthawi ija namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 magetsi n'kumavuta chaka chonse, pa mdadada pathu panali mtendere, panalibe cholimbirana.

NamwinoEastBank
Ife tinagula timamita tating'ono ta khomo lililonse, aliyense amalipira zomwe wagwiritsa. Mkangano unathera pomwepo. Koma amangireni ndi wodziwa zamagetsi, osati mwana wa alandilodi.

AdminChigwa
Abale, za mafirizesi mutsegule ulusi wake. Pano pali mayi akugona opanda chitseko.

MasiyeSiMlandu
Admin ndiloleni kamodzi, yanga ikukhudza lendi ndithu. Alandilodi anga kuno ku Nsanje anamwalira mu Juni. Mwezi wotsatira kunabwera mayi amasiye kudzatenga lendi, ndinapereka. Patangopita masiku awiri kunabwera achimwene a malemuwo, akuti kwao kwa Asena analowola, ndiye nyumba ndi za kuchimuna, ndizipereka kwa iwo apo ayi ndituluke. Pano aliyense akundiopseza ndi notisi yake. Ndimvere ndani?

MaiGolosale_Thabwa
Kwa ife Amang'anja akanabwera ndi amalume a ana. Kulikonse wovutika ndi mayi ndi ana ake.

KalalikiWopuma
Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo, kaya analowola kaya sanalowole. Koma inu tenanti musakhale woweruza wa banja la eni. Auzeni onse awiri, polemba, kuti ndalama ilipo mukusunga, ndipo mupereka kwa amene abweretse kalata yosonyeza kuti ndiye woyendetsa chuma cha malemuwo. Muwalozere ku ofesi ya DC kapena kukhoti. Ndalamayo muisungedi, musaidye, ndipo musalipire kawiri. Imfa ya mwini nyumba siithetsa lendi yanu, achimwenewo sangakutulutseni ndi pakamwa. Mayi amasiyewo ngati alibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau ntchito yao ndi imeneyo.

MayiWaAtatu_Nchalo
Abale ndabweranso. Mng'ono wanga wabwera nayo foni ija, galasi ndi losweka koma ikuyaka. Tafufuza mpaka taipeza voice note ya pa 19 Malichi 2023. Mawu ndi awo ndithu, kumbuyo kukumveka mbuzi. Akuti: "Mayi, ingokonzani chimbudzicho ndi khomalo, ine panopa ndilibe kanthu, tidzaonana pa lendi." Ndamvetsera kasanu, manja akunjenjemera.

MphunzitsiWaBangula
Basi mlandu watha! Awo agwidwa ndi pakamwa pawo.

BamboNyumbaZinayi_Ngabu
Sunathe. "Tidzaonana pa lendi" si "ndidzadula K68,000." Ine ndikanakhala iwo ndikanati ndinkatanthauza kuti sindikweza lendi chaka chimenecho. Sindikuwaikira kumbuyo, ndikukuuzani zomwe akanene kuti mukonzeke.

MayiWaAtatu_Nchalo
Koma anakweza chaka chomwecho, mu Disembala. Uthenga wa Airtel Money wa Disembala ukuonetsa K40,000.

BamboNyumbaZinayi_Ngabu
Aaa, ndiye njira imeneyo yatsekeka. Sungani uthengawo.

KalalikiWopuma
Mwachita bwino mayi. Chiyambire lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, mauthenga a pafoni amalandiridwa ngati umboni. Foniyo musaifufute kanthu, musaipereke kokonzetsa, ndipo voice note imeneyo itumizeni ku foni yanu yatsopano ndi kwa munthu wina wodalirika. Bambo a ku Ngabu anena zoona kuti mawuwo satchula ndalama, n'chifukwa chake bilidala wa ku Sorgin akufunika, adzanene zomwe analandira ndi matumba omwe anagwiritsa ntchito. Ine ndikanayamba ndi amfumu. Kukhoti kuli ndalama yotsegulira mlandu ndi masiku odikira, pomwe inu mukufuna chitseko usiku uno. Zikakanika kwa amfumu, khoti la majisitireti lilipo ku Nchalo komweko.

ChimwemweWaBoma
Kwa amfumu? Mayi ngati ndinu obwera samalani. Alandilodi ambiri ndi eni mudzi, mwina anyakwawawo ndi alamu awo. Mupereka chabwalo n'kukagamulidwa kuti mupepese.

MayiWaAtatu_Nchalo
Ndine wa ku Thyolo ine, ndinabwera ndi banja. Zimenezo zikundiopsadi.

Mlambe77
Si mafumu onse okondera. Ndipo mfumu imadziwa kuti ikagamula mokhota nkhani ipita kwa agulupu kapena kukhoti, manyazi adzakhala ake. Musapite nokha, tengani wapampando wa kumsika kwanu kapena mkulu wa mpingo. Wina asakusocheretseni kuti mupite ku makomiti a malo omwe anabwera ndi lamulo la Customary Land Act la 2016, amenewo nkhani zao ndi za malire ndi umwini wa malo, osati ngongole ya lendi.

NamwinoEastBank
Ndipo mutenge kangachepe m'manja, ngakhale K10,000. Munthu wofika pabwalo ndi ndalama pang'ono amamveka mosiyana ndi wofika ndi mawu okha.

MnyamataWaNzimbe
Ine ndikanangosamuka. Munthu woti wakuchotsera chitseko lero mawa adzakuchotsera denga.

MaiGolosale_Thabwa
Kusamuka ndi chiyani achimwene? Kwinako akafuna miyezi itatu yoyambira, ngolo yonyamula katundu ilipiridwe, ana asinthe njira ya kusukulu, K68,000 n'kutayika. Inu mumasamuka ndi chikwama chimodzi.

MayiWaAtatu_Nchalo
Abale anga, nkhani ija yakambidwa dzulo Loweruka pabwalo la agulupu. Ndinapita ndi amayi a wapampando wa kumsika, bilidala anabwera kuchokera ku Sorgin, thiransipoti ndinamulipirira ndine. Alandilodi poyamba anakanitsitsa kuti sananenepo za kudula. Agulupu anati foniyo iikidwe pa mpando pakati. Mawu atayamba kumveka, mpaka mbuzi ija kulira, anthu onse anaseka, iwo anangoti ndi mbuzi yangadi imeneyo. Kenako anayamba kutsutsa mtengo, akuti simenti inali matumba awiri, bilidala akuti atatu, akuti njerwa zina zinali zakale za khoma logwalo, zomwe ndi zoona, zina tinatoladi pomwepo. Tinakokanakokana mpaka anagamula kuti adule K50,000. Yotsala K30,000 ndinapereka K10,000 pomwepo, ina ndimaliza pa 15 Novembala, lendi ya Okutobala ndilipira pakutha pa mwezi monga mwa nthawi zonse. Pa za chitseko agulupu anawakalipira kwambiri, anati m'mudzi mwao safuna kumva kuti ana agona pamtetete chifukwa cha lendi, wofuna kutulutsa munthu apereke notisi. Chipepeso sindinapatsidwe, sindinalimbikirenso.

Mlembi wa agulupu analemba zonse pa pepala la m'kope, tinasaina awiri tonse ndi mboni, chidindo n'kudinda. Ndinapempha kuti awonjezere mzere uja wa madzi osefukira, alandilodi anayamba kung'ung'udza koma anavomera theka la lendi. Anenanso kuti Januwale akweza kufika K45,000, zalembedwa momwemo, ndiye ndili ndi nthawi yoganiza.

MphunzitsiWaBangula
K18,000 yapita chonchi, ndi mausiku onse aja opanda chitseko osalipidwa kanthu. Kukhoti mukanapeza zambiri.

MayiWaAtatu_Nchalo
Mwina aphunzitsi. Koma dzulo ndagona mpaka dzuwa kundiwomba.

KabazaWaPaSteji
Ndichitire umboni, chitseko ndanyamula ndine, chinali kuseri kwa khola atachitsamiritsa pa mtengo wa masau, nkhuku zitachiyesa chogonera. Koma hinjesi imodzi yasowa, kalipentala uja akuti sakudziwa komwe inagwera. Panopa chikulendewera pa imodzi, potseka mpaka kuchinyamula pang'ono.

KalalikiWopuma
Hinjesiyo agule ndi amene anamasula.

MayiWaAtatu_Nchalo
Ndagula ndekha m'mawa uno, sindikufuna kubwereranso pabwalo chifukwa cha hinjesi. Koma lisiti ndatenga, ndalijambula, ndawatumizira pa WhatsApp. Awerenga, sanayankhe.

BamboNyumbaZinayi_Ngabu
Mayi, pepala la m'kopelo mungalijambule n'kunditumizira ku inbox? Maina mubise. Ndikufuna ndikopere matenanti anga anayi mvula isanayambe, makamaka mzere wa madziwo ndione mmene mlembiyo anaulembera.